Madamu: mawu amene anachoka ku France n'kudzakhazikika pakhomo pathu

Mwana wa sitandade 2 akafuna kupita panja amakweza dzanja n'kuitana "madamu". Woitanira minibasi akaona mayi wovala bwino atakolekera chikwama paphewa amafuula kuti "madamu, mpando wakutsogolo ulipo". Bambo wina akamathawa pa bawo dzuwa lisanalowe amangoti "madamu andikalipira". Anthu atatuwa atchula mawu amodzi, koma aliyense akunena zake. Mawuwa tinawazolowera mpaka sitiwamvanso fungo lachilendo, chonsecho ndi akale kuposa mzinda uliwonse wa m'Malawi muno, ndipo anayenda ulendo wautali asanatipeze.

Kodi mawu akuti madamu anachokera kuti?

Ife tinawatenga ku Chingerezi, koma Angerezi nawonso anachita kubwereka. Eni ake ndi Afalansa. M'Chifalansa cha zaka za m'ma 1100 anali mawu awiri olembedwa motalikirana: ma, kutanthauza "wanga", ndi dame, kutanthauza mkazi waulamuliro. Munthu akagwada pamaso pa mfumukazi kapena mkazi wa mwini dera ankati ma dame, monga mmene ife tinganenere kuti "mbuye wanga" kwa munthu wamkazi. Chifukwa chotchulidwatchulidwa, mawu awiriwa anamatirirana n'kukhala madame.

Chipsera cha msoko umenewu chikuonekabe. Afalansa akamalankhula ndi amayi angapo sasintha kumapeto kokha, amasinthanso kutsogolo n'kunena kuti mesdames, chifukwa ma uja akachuluka amasanduka mes. Ndiye tikamati "madamu wanga" timakhala tanena "wanga" kawiri, koyamba m'Chifalansa, kachiwiri m'Chichewa. Mfalansa akhoza kuseka, koma ife sitinalakwe. Kwa ife ma uja anasiya kale kulankhula.

Nanga dame weniweniyo amatanthauza chiyani?

Apa mpamene pali nkhani. Chifalansa ndi mwana wa Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, ndipo dame ndi mawu a Chilatini akuti domina atafupikitsidwa ndi pakamwa pa mibadwo yambiri. Domina anachokera ku domus, nyumba. Mwini nyumba wamwamuna anali dominus, wamkazi domina. Ku Roma domina anali mayi amene ankasunga makiyi, kugawa chakudya ndi kulamula akapolo. Motero kuyambira pachiyambi mawuwa sankanena za kukongola kapena za mphete. Ankanena za amene mawu ake amamveka pakhomo.

Mbumba ya domus ndi yaikulu, ndipo ena mwa ana ake timakhala nawo. Dzina loti Domingo, limene limamveka kwambiri ku Nsanje, ku Chikwawa ndi ku Tete, ndi dzina la Lamulungu m'Chipwitikizi, "tsiku la Ambuye". Dominic ndi "wa Ambuye". Zilembo AD zimene timalemba pa zaka zikuimira Anno Domini, "m'chaka cha Ambuye". Ngakhale mawu a Chingerezi akuti domestic, amene timawamva pa nkhani za antchito a m'nyumba, ndi a m'banja lomweli. Wolamula ndi wolamulidwa anatuluka m'nyumba imodzi.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Mwamuna wa ku Kasungu amene sanamvepo za Aroma akale akamanena za mkazi wake amati "akunyumba", ndipo tsiku lina amati "madamu". Sadziwa kuti wanena chinthu chimodzi kawiri. Mawu anachoka m'nyumba ya ku Roma, anakwera mpaka kunyumba zachifumu za ku Paris ndi ku London, kenako anatsika n'kudzaloweranso pakhomo.

Angerezi anawatenga bwanji, poti iwo ndi Afalansa sankagwirizana?

Anawatenga atagonja pa nkhondo. Pa 14 October 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pafupi ndi Hastings, ndipo pa Khirisimasi ya chaka chomwecho anavekedwa ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi 300 kuchokera pamenepo, mafumu, nduna, oweruza ndi eni minda a ku England ankalankhula Chifalansa, pamene Chingerezi chinali cha alimi ndi antchito. N'chifukwa chake mpaka lero ng'ombe ikakhala m'khola Mngerezi amaitchula ndi dzina lakwawo, cow, koma ikafika m'mbale imasanduka beef, dzina lachifalansa. Woweta ankalankhula china, wodya china.

Madam analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 kudzera pa khomo lomweli, la anthu odya. Chingerezi chinayamba kubwerera m'makhoti ndi lamulo la 1362, lomwe, zoseketsa, linalembedwa m'Chifalansa. Ndipo chizolowezi sichifa msanga: lero lino mfumu ya Britain ikavomereza bilu kuti ikhale lamulo, mawu olengeza m'nyumba ya malamulo amanenedwa m'Chifalansa chakale cha ku Normandy.

Amene anakulira m'nthawi imene mwana ankalangidwa akagwidwa akulankhula Chichewa pa sukulu angamve bwino nkhaniyi. Chingerezi chimene chinkatikwapulitsacho nachonso chinakhalapo chilankhulo cha kukhitchini.

Kodi kale mkazi aliyense ankatchedwa madame?

Ayi ndithu. Linali dzina la anthu ochepa: mfumukazi, ana aakazi a mfumu, akazi a anthu apamwamba, ndi amayi otsogolera nyumba za masisitere. Ku France m'zaka za m'ma 1600, mkazi wa munthu wamba, ngakhale atakwatiwa n'kubereka ana asanu, ankatchedwabe mademoiselle. Kunyumba yachifumu munthu akangoti "Madame" osatchula dzina, aliyense ankadziwa kuti akunena mkazi wa mng'ono wa mfumu. Ana aakazi a Louis XV, amene angapo a iwo sanakwatiwe n'komwe, ankadziwika kuti Mesdames.

Chinthu chikakhala cha ochepa, ambiri amachilakalaka. Ku England wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, ankaseka kale akazi a amisiri olemera a mumzinda chifukwa chofunitsitsa kutchedwa madame ndi kuyenda patsogolo pa anzawo ku tchalitchi. Zaka 600 zapita, koma khalidwe limenelo mukhoza kuliona Lamulungu likubwerali.

Pa nthawi ya kuukira kwa anthu wamba ku France, kumene kunayamba mu 1789, mawuwa anadedwa chifukwa ankanunkha ufumu. Mfumukazi Marie Antoinette anthu ankamunyoza ndi dzina loti Madame Déficit, kunena kuti ndiye wamwaza chuma cha dziko, ndipo anamudula mutu mu October 1793. M'zaka zimenezo anthu ankaitanana kuti citoyen ndi citoyenne, nzika yaimuna ndi nzika yaikazi. Sizinakhalitse. Madame anabwerera, koma anabwerera atatsika mtengo: tsopano wogulitsa buledi ndi mkazi wa nduna onse anali oyenera dzinali. Lero ukalowa m'sitolo ku Paris, ku Kinshasa kapena ku Bujumbura osanena "bonjour madame" kwa mayi wogulitsa, waonetsa mwano. Kuno kwathu, kumene mungamve madame wachifalansa weniweni tsiku ndi tsiku ndi ku Dzaleka m'boma la Dowa, pakati pa anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda.

Kodi si ansembe achifalansa a Katolika amene anatibweretsera mawuwa?

Funsoli ndi lomveka, popeza Afalansa anafikadi kuno. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Koma iwowa sanabwere kudzaphunzitsa Chifalansa. Anaphunzira Chinyanja, ndipo mayina aulemu amene anazika mumpingo ndi achibale: wansembe ndi Bambo, ndipo amene Afalansa amamutcha Notre Dame, "Dona Wathu", kuno ndi Amayi Maria. Palibe Mkatolika wa ku Bembeke amene anapempherapo kwa "Madamu Maria".

Madamu anabwera ndi Chingerezi, kudzera m'kalasi, mu ofesi ya boma, m'chipatala ndi m'nyumba za azungu, dziko lino litakhala pansi pa Britain kuyambira mu 1891. Enanso anabwera nawo kuchokera ku Salisbury (lero Harare), ku Bulawayo ndi ku Joni, kumene agogo athu ambiri ankagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'munda. Chakudza sichiimba ng'oma. Palibe tsiku limene munthu analengeza kuti mawuwa alowa m'Chichewa, anangopezeka ali pakati pathu.

N'chifukwa chiyani timawonjezera "u" kumapeto?

Chifukwa lilime la Mchewa silikonda kuima pa chilembo chotseka pakamwa. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mlendo aliyense amavekedwa chimodzi mwa zimenezi. Amene amathera pa m kawirikawiri amalandira u: timu, fomu, filimu, yunifolomu, madamu.

Potero tinachita chinthu china mosadziwa. Mngerezi amatsindika kumayambiriro, MA-dam. Mfalansa amatsindika kumapeto, ma-DAM, ndipo e womalizayo samveka. Ife timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto, ma-DAA-mu. Ndiye kuti katchulidwe ka mwana wa ku Mchinji kali pafupi ndi ka ku Paris kuposa ka ku London.

Pali vuto limodzi lokoma. Tinabwerekanso damu, malo osungira madzi, ngati la Mulunguzi ku Zomba kapena la Mudi ku Blantyre, ndipo akachuluka ndi madamu. Mawu awiriwa alibe ubale uliwonse, koma m'chiganizo amavala zofanana. Mlimi wa nsomba akanena kuti "ndili ndi madamu atatu" kapena "madamu anga aphwa", dikirani amalize musanayambe kumuweruza.

Nanga dona ndi madamu pali ubale?

Ndi pachibale penipeni, ana a mayi mmodzi amene anasiyana njira n'kudzakumana kuno. Domina uja atafika ku France anakhala dame. Atafika ku Portugal anakhala dona, ku Spain doña, ku Italy donna. Madonna wa Ataliyana ndi "dona wanga", chimodzimodzi ndi madame.

Dona ndiye anayamba kufika. Apwitikizi anali kale ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo ankagula minyanga kwa Amaravi. M'chigwa cha Zambezi anakhazikitsa minda ikuluikulu yotchedwa prazo, ndipo lamulo la mfumu ya Portugal linkafuna kuti mindayi izidutsa kwa ana aakazi kwa mibadwo itatu. Amayi amene ankailamulira, ambiri a iwo a magazi osakanikirana, ankatchedwa madona, ndipo ena anali ndi magulu a asilikali awoawo, Achikunda. Dona wa nthawi imeneyo sanali munthu womuseweretsa. Mawuwa anakwera ndi mtsinje wa Shire limodzi ndi nsapato, kalata, kachasu, mbatata ndi kapitawo, zomwe zonse ndi zachipwitikizi.

Atafika Angerezi, makolo athu sanavutike kufunafuna dzina la mkazi wa mzungu. Linalipo kale. Mwamuna anali bwana, mawu amene tinatenga ku Chiswahili, mkazi anali dona. Tangoganizani: Mngerezi ndi mkazi wake akutchedwa ndi mawu a Aswahili ndi a Apwitikizi m'dziko limene akulilamulira okha.

Lero awiriwa anagawana ntchito. Dona watsalira kwambiri pa mkazi wa bwana, pa moni wa kalata yantchito, ndi pa kuyamikira mkazi wotchena: "koma ndiye mwasanduka adona". Madamu watenga sukulu, ofesi ndi msewu. Mphunzitsi wamkazi simungamuitane kuti dona, angaganize kuti mukumunyogodola.

Kodi madamu ndi mkazi wokwatiwa yekha?

Kwathu kuno ayi. Mtsikana wa zaka 22 amene wangotuluka ku koleji ya aphunzitsi ndi madamu kuyambira tsiku loyamba kugwira choko, ndipo makolo a ana, ena oti akhoza kumubereka, amamutchula choncho. Chimene chamupatsa dzinali ndi ntchito.

Ku France kwa nthawi yaitali ankasiyanitsa: madame wokwatiwa, mademoiselle wosakwatiwa. Mademoiselle kwenikweni ndi "kadona kanga". Amayi ambiri ankadandaula kuti n'chifukwa chiyani fomu ya boma imafuna kudziwa za ukwati wa mkazi pamene mwamuna, wokwatira ndi mbeta yemwe, ndi monsieur basi. Mu February 2012 ofesi ya nduna yaikulu François Fillon inalamula kuti mademoiselle achotsedwe pa mafomu a boma. Mawuwa sanafe, amamvekabe poitana atsikana aang'ono, koma pa pepala la boma mkazi wamkulu aliyense ndi madame.

Ife vuto limenelo sitinakhale nalo kwenikweni. Nabanda ndi Nabanda, Naphiri ndi Naphiri, akwatiwe asakwatiwe.

Ndilembe madam, madame kapena ma'am?

M'Chichewa lembani madamu, nkhani yatha. Mukafuna kulemekeza kapena kuchulukitsa, amadamu.

M'Chingerezi muli kakusiyana. Madam wopanda e ndi woitanira munthu amene simukumutchula dzina, monga pa moni wa kalata, komanso woika patsogolo pa udindo: Madam Speaker, Madam President, Madam Chair. Madame wa e amayenda ndi dzina la munthu, makamaka wa kumaiko olankhula Chifalansa, monga Madame Curie, wasayansi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1903 ndi mu 1911, kapena Madame Tussaud, amene nyumba yake ya zidole za phula ikukopabe alendo ku London. Chidule chake ndi Mme. Manyuzipepala athu anatengera kalembedwe ka e kameneka polemba za akazi a atsogoleri a dziko, mwina chifukwa kamaoneka kolemerera.

Ma'am ndi madam yemweyo atamezedwa d. Asilikali ndi anthu a kummwera kwa United States amamukonda kwambiri. Mfumukazi Elizabeth II munthu ankayamba kuitchula Your Majesty, kenako ma'am mpaka kumapeto kwa macheza. Ku India anamulumikiza ndi sahib n'kupanga memsahib, amene anali dona wa kumeneko.

Kodi n'kulakwa kutchula mkazi wako kuti madamu?

Sindikuona cholakwa, koma ndi bwino kudziwa chimene ukuchita. Mwamuna wa kwathu sakonda kutchula dzina la mkazi wake pagulu, ndipo "mkazi wanga" kwa ena amamveka mouma. Kale njira zinalipo zambiri: akunyumba, amake Chikondi, mayi a ana, kapena dzina la mfunda. Madamu anangolowa pamzere womwewo, ndipo anabwera ndi kafungo ka tauni ndi kanthabwala pang'ono. Amene amati "ndifunse kaye madamu" amakhala akuvomereza, uku akumwetulira, kuti chikwama sasunga yekha. Pamenepo domina wa ku Roma uja, wa makiyi, wadzuka.

Pamene pamafunika kusamala ndi pamaso pa akuluakulu. Kwa apongozi, pa bwalo la ankhoswe kapena pa mwambo wa maliro, "madamu anga" amamveka ngati nthabwala za pa bawo. Pamenepo ndi "mayi a kunyumba" kapena "amake uje". Komanso achinyamata anawakoka mawuwa mpaka kufika pa chibwenzi, moti mnyamata wa fomu 3 naye ali ndi "madamu". Mkazi amene munamanga naye ukwati pamaso pa ankhoswe akhoza kufunsa kuti iye ali m'gulu liti.

Kodi mawuwa angakhale chipongwe?

Kwambiri, ndipo si kwathu kokha. Mawu aliwonse okweza munthu akhoza kutembenuzidwa kuti amugwetse. Mayi akauza mwana wake wamkazi amene wagona mpaka dzuwa kuswa mtengo kuti "amadamu, tiyi wapsa", mwanayo amadziwa kuti tsiku layamba moipa. Apongozi akanena kuti "mwana wanga anakwatira madamu", sakuyamikira. Akunena kuti mtengwayo sagwira khasu kapena mthiko. Angerezi nawo kamtsikana kamatama amakatcha "little madam".

M'Chingerezi mulinso tanthauzo lina loyenera kulidziwa musanachite manyazi. Mukaika a patsogolo n'kunena kuti mayi wakutiwakuti ndi "a madam", Mngerezi kapena Mmereka akhoza kumva kuti ndi mwini nyumba ya mahule. Choncho chiganizo chathu chosalakwa chakuti "mayi anga ndi madamu pa sukulu ya pulayimale" musachitembenuze liwu ndi liwu. Nenani kuti ndi mphunzitsi.

Ku South Africa ndi ku Zimbabwe mawuwa ali ndi bala lawolawo. M'nthawi ya tsankho, madam anali mzungu wamkazi wolemba wantchito wakuda, ndipo wantchitoyo, ngakhale akhale gogo wa zidzukulu, ankatchedwa girl. Amalawi amene akugwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg ndi ku Cape Town amadziwa kuti mabwana ena lero amakana kutchedwa madam, amafuna dzina lawo lenileni, pamene ena amaumirirabe. Kumeneko mawuwa amakumbutsa za amene ankalowera khomo lakutsogolo ndi amene ankazungulira kuseri.

Ngati madamu ndi ulemu waukulu, bwanji atsogoleri athu aakazi timawatcha amayi?

Chifukwa ndi maulemu awiri osiyana, ndipo Chichewa chimadziwa kuwalekanitsa. Joyce Banda atalumbira pa 7 April 2012, m'zikalata ndi pamaso pa akazembe anali Madam President. Koma pa msonkhano wa pabwalo, anthu akuvina, anali Amayi. Cecilia Kadzamira m'nthawi ya Kamuzu anali Mama. Mkazi wa mtsogoleri wa dziko nyuzipepala ya Chingerezi imamulemba Madame, wailesi ya Chichewa imati mayi wa fuko. Catherine Gotani Hara atasankhidwa mu June 2019 kukhala mayi woyamba kutsogolera nyumba ya malamulo ya Malawi, aphungu anayenera kuzolowera kunena kuti Madam Speaker, monganso anzawo a ku Zambia kwa Nelly Mutti kuyambira mu 2021. Komabe phungu yemweyo akapita kumudzi kukafotokoza nkhaniyi amati "mayi Gotani Hara".

Madamu amalemekeza mpando. Amaika tebulo pakati pa iwe ndi munthuyo: uyu ndi wa choko, wa chidindo, wa makiyi a ofesi. Mayi amalemekeza munthu pomulowetsa m'banja, ndipo akakhala mayi ako uli ndi ufulu womulirira njala. Andale amazidziwa bwino zimenezi. Palibe amene amapempha mavoti ngati madamu.

Mpando ukachoka, madamu amatha kuchoka nawo, kupatula kwa aphunzitsi. Iwo okha ndi amene amakhala nalo dzinali mpaka imvi. Bambo wa zaka 50, mwina ndi dokotala kapena woweruza milandu, akakumana ndi amene anamuphunzitsa a e i o u amavula chipewa n'kunena kuti "madamu, mukundikumbuka?" Pamenepo mawu achilendowa amakhala atafunda ngati achibale.

Ndiye ndiwagwiritse ntchito pati, ndipo ndiwapewe pati?

Ku sukulu, ku banki, mu ofesi ya boma, kwa wapolisi wamkazi pa msewu, madamu salakwika. Kwa mayi amene simukumudziwa mu tauni, yang'anani msinkhu. Wachitsikana kapena wapakati salabada, ena amakondwa. Wachikulire mutchuleni mayi kapena agogo, chifukwa kwa iye madamu akhoza kumveka ngati mukumutalikira kapena mukufuna kumugulitsa kanthu.

Ku msika dziwani kuti "madamu" ali ndi mtengo wake. Wogulitsa tomato akakuitanani choncho pamene mnzanu wamutcha "asisi" kapena "amayi", wakuyezani kale kuyambira nsapato mpaka tsitsi, ndipo mulu umene ena akugula motchipa kwa inu ukwera.

Kumudzi, pa maliro, mu mpingo ndi kwa apongozi, asiyeni pa chipata. Namfedwa si madamu, ngakhale atakhala mkulu wa kampani. Mfumu yaikazi si madamu, ndi mfumu, ndipo ulemu wake ndi wa ufumu.

Pali mawu ena achifalansa amene timalankhula osadziwa?

Ambiri, ndipo pafupifupi onse anadzera m'Chingerezi. Khoti, jaji ndi polisi. Nesi ndi ofesi. Hotelo, galaja, tikiti, injini, batire, supu, diresi, pensulo, bulangete. Bajeti imene nduna ya zachuma imawerenga chaka ndi chaka inachokera ku bougette, kathumba kachikopa. Mita, lita ndi kilogalamu anazikhazikitsa ndi Afalansa m'zaka za m'ma 1790, nthawi yomwe ija ankathamangitsa madame. Chipewa chinayenda njira ina: Apwitikizi anachitenga ku Chifalansa chakale, ife tinachitenga kwa Apwitikizi.

Dame nayenso ali moyo payekha. Ku Britain ndi ulemu umene mfumu imapereka kwa mkazi, wofanana ndi Sir kwa mwamuna. Pa makadi a njuga a Afalansa, khadi limene ife timati kwini ndi dame, ndipo masewera a drafuti amawatcha masewera a madona.

Nanga mwamuna wa madamu ndi ndani?

Ku France ndi monsieur, amene anamangidwa mofanana: mon, "wanga", ndi sieur, "mbuye". Ku England ndi sir, wochokeranso ku Chifalansa. Onsewa muzu wawo ndi senior wa Chilatini, kutanthauza wamkulu pa zaka, ndipo senhor wa ku Mozambique ndi mbale wawo. Mwamuna analemekezedwa ndi msinkhu, mkazi ndi nyumba.

Kuno awiriwa sanayende mtunda wofanana. Sir anafika pa sukulu, ana anamusandutsa sala, ndipo anathera pomwepo, chifukwa panja anapeza bwana, achimwene, akulu ndi abambo atadzaza kale malo. Madamu anatuluka m'kalasi, anakwera minibasi, anapita ku msika, n'kukalowa mpaka kuchipinda. Mwamuna amati "madamu anga" tsiku lililonse. Mkazi wonena kuti "sala wanga" sindinamumvepo, ndipo atapezeka, anzake angamufunse kuti akubwereza kalasi iti.